Kwa aphungu athu: musanakanganenso za feduro, tamvani za boma limene linkapemphetsa

Olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko kwa zaka zambiri ndikuphunzitsa mbiri yakale kusekondale, ndipo lero ndili kumudzi, kumene zokamba zanu zimandipeza kudzera pa wailesi. Nkhani ya feduro, ulamuliro wogawana mphamvu pakati pa boma lapakati ndi maboma a zigawo, ikabuka ndimatchera khutu, chifukwa ndi nkhani imene ndinkaikonda m'kalasi. Koma nthawi zonse imathera pamodzimodzi. Ena amati taonani America, chigawo chilichonse chimadziyendetsera zake ndipo dziko n'lolemera. Ena amayankha kuti mukufuna kung'amba Malawi, mwaiwala Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kodi? Mawu amakwera, nthawi imatha, nkhani n'kukagona mpaka chisankho china.

Popeza America ndi amene amatchulidwa, ndiloleni ndikufotokozereni zimene zinachitika kumeneko, chifukwa malamulo amene dzikolo likuyendera lero si oyamba. Analipo ena, amene anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu zokha, kuyambira 1781 mpaka 1789, ndipo anangotsala pang'ono kuligwetsa dzikolo lisanayambe n'kuyenda komwe.

Zigawo 13 zimene zinagalukira Britain mu 1776 zinali zitatopa ndi boma lakutali limene linkazikhometsa msonkho popanda kuzifunsa. Choncho pamene zinkalemba pangano lawo loyamba, lotchedwa Articles of Confederation, chimene zinkaopa koposa chinali kudzipangiranso London wina pakhomo pawo. Congress, msonkhano wa nthumwi za zigawozo, inavomereza panganolo mu Novembala 1777, koma linayamba kugwira ntchito pa 1 Marichi 1781, chifukwa Maryland anakaniratu kusayina mpaka Virginia atalonjeza kusiya malo aakulu akumadzulo amene ankati ndi ake. Panganolo linanena poyera kuti chigawo chilichonse chikhalabe ndi ufulu wake ndi ulamuliro wake, ndipo mgwirizanowo unatchedwa ubwenzi basi. Kunalibe pulezidenti woyendetsa boma. Kunalibe makhoti a dziko lonse oweruza milandu ya anthu wamba. Kunali Congress yokha, mmene chigawo chilichonse chinali ndi voti imodzi, kaya ndi Virginia kaya ndi Delaware amene anthu ake sankafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu a ku Virginia. Nkhani zikuluzikulu zinkafuna zigawo 9 kuti zivomereze. Kusintha liwu limodzi m'panganolo kunkafuna zigawo zonse 13.

Congress inapatsidwa ntchito zolemera: kumenya nkhondo, kupangana mtendere, kutumiza akazembe, kukongola ndalama, kuyendetsa positi. Chimene sinapatsidwe ndi mphamvu yotolera msonkho. Ikafuna ndalama inkawerengera kuti chigawo chakuti chipereke zakuti, n'kulemba makalata, kenako n'kudikira. Aliyense amene anakhalapo msungichuma wa komiti ya kumudzi akudziwa mmene zimenezi zimathera. Pamsonkhano onse amavomera, tsiku lopereka likafika aliyense amayamba wafunsa ngati mnzake wapereka. Kumapeto kwa 1781 Congress inapempha madola 8 miliyoni. Patapita zaka ziwiri zimene zinali zitafika sizinakwane ngakhale 2 miliyoni. Ndalama zamapepala zimene inasindikiza pa nthawi ya nkhondo zinali zitagwa kale mphamvu, moti mu 1780 Congress yomweyo inalengeza kuti madola 40 apepala ndi ofanana ndi dola imodzi yasiliva. Robert Morris, amene anaikidwa kuyang'anira chuma, anafika pogwiritsa ntchito dzina lake ndi chuma chake ngati chikole, chifukwa amalonda ankamukhulupirira iyeyo kuposa boma limene ankaligwirira ntchito.

Mankhwala ake sanali obisika. Mu 1781 Congress inapempha chilolezo chotolera msonkho wa 5 peresenti pa katundu wolowa m'dziko, kuti izibweza ngongole za nkhondo. Zigawo pafupifupi zonse zinavomera, koma Rhode Island, kachigawo kochepetsetsa pa zonse, kanakana mu 1782, ndipo nkhani inafera pomwepo. Anayesanso mu 1783, ulendo uno atafewetsa mfundo zake. Zinatenga zaka zitatu, ndipo pomaliza New York, amene doko lake linkamubweretsera ndalama zambiri, ndiye anatchinga njira.

Chimene chimandiwawa pa zaka zimenezi ndi nkhani ya asilikali. Anthu amene anagona m'chisanu opanda nsapato kuti dziko limasuke anatha miyezi osalandira. Mu Marichi 1783, ku Newburgh, akuluakulu a asilikali anayamba kunong'onezana zoikakamiza Congress ndi mfuti. George Washington, mkulu wa asilikali onse, anapita yekha pamsonkhano wawo, analankhula, ndipo pofuna kuwawerengera kalata anatulutsa magalasi m'thumba n'kuwapepesa kuti tsitsi lake lachita imvi ndipo maso ake akuchita khungu potumikira dziko. Anthu amene anabwera okwiya anagwetsa misozi. Dziko linapulumuka tsiku limenelo chifukwa cha khalidwe la munthu mmodzi, osati chifukwa cha malamulo, ndipo ine sindikhulupirira kuti dziko lililonse liyenera kuyembekezera mwayi wotere kawiri. Patangopita miyezi itatu, asilikali mazana angapo anazinga nyumba imene Congress inkakumaniramo ku Philadelphia kufuna malipiro awo. Congress inapempha boma la Pennsylvania kuti liiteteze, koma bomalo silinaitane asilikali ake. Boma la dziko lonse linalongedza mapepala n'kuthawira ku Princeton, kenako linakhala ku Annapolis, ku Trenton, mpaka ku New York, ngati mlendo wosowa pogona. Pangano lothetsa nkhondo ndi Britain litafika kuchokera ku Paris, panatenga masabata kuti nthumwi za zigawo 9 zipezeke pamalo amodzi n'kulivomereza, mu Januwale 1784. Chaka chomwecho gulu lankhondo la dziko linachepetsedwa mpaka kutsala amuna pafupifupi 80, olondera zida ku West Point ndi ku Fort Pitt.

Mayiko akunja anaona zonsezi. Britain anakana kuchotsa asilikali ake ku Detroit ndi ku Niagara, akunena kuti zigawo sizikulemekeza pangano pa nkhani ya ngongole za amalonda ake, ndipo sankanama. Spain anatseka mtsinje wa Mississippi mu 1784, alimi akumadzulo n'kusowa potulutsira mbewu zawo. Mu 1785 zombo ziwiri za America zinagwidwa ndi anthu a ku Algiers, kumpoto kwa Africa, ndipo ena mwa amalinyero ake anakhala mu ukapolo zaka zoposa khumi chifukwa panalibe ndalama zowawombolera kapena zombo zankhondo zokawalanditsa.

Ndipo zigawo zokhazokha zinayamba kudyerana masuku pamutu. New York ankalipiritsa mabwato a ku New Jersey ndi ku Connecticut obweretsa nkhuni ndi ndiwo zamasamba mumzinda. New Jersey anabwezera pokhometsa msonkho nsanja younikira zombo usiku imene New York anamanga pamalo a New Jersey ku Sandy Hook. James Madison, wandale wa ku Virginia, anayerekeza New Jersey, amene ali pakati pa madoko a New York ndi Philadelphia, ndi mgolo woboolewa mbali zonse ziwiri. Pamenepa ndimafuna muime pang'ono, olemekezeka. Chimanga chimene chimadyedwa ku Nsanje m'chaka cha chilala chimachokera kutali. Mpunga wa ku Karonga umaphikidwa ku Blantyre, fodya wa ku Rumphi ndi wa ku Kasungu amakumana kumisika ya fodya, magetsi a pamtsinje wa Shire amayatsa nyumba ku Mzuzu. Aliyense amene akubweretsa nkhani ya feduro ayenera kunena poyera ngati boma la chigawo lidzaloledwa kuika chipata pa msewu wa M1. Sindinamvepo wina akuyankha funso limeneli, ngakhale kulifunsa kumene.

Chimene chinagwedeza anthu koposa chinachitika ku Massachusetts mu 1786, ndipo ofuna feduro achimvetsere bwino chifukwa chikukhudza iwowo. Boma la chigawocho, lokhala ku Boston pakati pa amalonda, linaganiza zobweza ngongole zake za nkhondo mwachangu, ndipo linakweza msonkho n'kulamula kuti mbali yaikulu ilipidwe ndi ndalama zasiliva ndi golide. Alimi akumadzulo kwa chigawocho analibe ndalama zoterozo. Ambiri anali asilikali akale amene m'malo mwa malipiro anapatsidwa mapepala olonjeza, ndipo chifukwa cha njala anali atawagulitsa pamtengo wozizira kwa anthu a ndalama. Tsopano ankakhometsedwa msonkho kuti boma lilipire anthu amene anawagula mapepalawo. Minda inalandidwa, ena anatsekeredwa chifukwa cha ngongole. Analemba madandaulo ku Boston, osayankhidwa. Kenako anayamba kutseka makhoti kuti milandu ya ngongole isaweruzidwe. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Daniel Shays, kapitawo wakale wa nkhondo ya ufulu. Pa 25 Januwale 1787 anaguba kupita kunyumba yosungira zida ku Springfield, anawomberedwa ndi mizinga, anayi anafa. Congress inali itayesa kusonkhanitsa asilikali koma ndalama sizinabwere, moti gulu limene linawabalalitsa linalipidwa ndi chopereka cha amalonda a ku Boston.

Taonani bwino amene anawapondereza alimi amenewa. Silinali boma lakutali. Linali boma la chigawo chawo chomwe. Likulu likasendera pafupi sizitanthauza kuti khutu lake latseguka. Mlimi wa ku Chitipa akhoza kukhala kutali ndi Mzuzu monga momwe alili kutali ndi Lilongwe, ndipo wa ku Nsanje angakuuzeni yekha ngati Blantyre amamumva.

Msonkhano wa ku Annapolis mu Sepitembala 1786 unafikidwa ndi zigawo zisanu zokha, koma unaitanitsa wina. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala 1787, amuna 55 anakumana ku Philadelphia atatseka mawindo m'nyengo yotentha kuti zokamba zawo zisamveke panja. Anatumidwa kukakonza pangano lakale, koma iwo analiika pambali n'kulemba latsopano. Rhode Island sanatumize aliyense. Mkangano wa zigawo zazikulu ndi zazing'ono unatsala pang'ono kuuphwasula msonkhanowo, mpaka anagwirizana kuti pakhale nyumba ziwiri: ina yotengera kuchuluka kwa anthu, ina ya Senate mmene chigawo chilichonse chili ndi anthu awiri. Boma lapakati linapatsidwa mphamvu yotolera msonkho ndi yoyang'anira malonda a pakati pa zigawo. Zigawo zinaletsedwa kupanga ndalama zawozawo kapena kupangana ndi mayiko akunja. Kusintha malamulo tsopano kunafuna zigawo zitatu mwa zinayi zilizonse, osatinso zonse.

Apa pali chinthu chimene ophunzira anga ankadabwa nacho chaka ndi chaka. Anthu amene ankadzitcha a feduro ku America anali amene ankafuna kuti boma lapakati likule mphamvu. Kwa iwo feduro inali njira yosonkhanitsira zomwe zinamwazika. Ifeyo tikuchokera mbali ina. Kuyambira 1964 mphamvu zathu zakhala zikuunjikana pamalo amodzi, poyamba ku Zomba kenako ku Lilongwe, ndipo amene akulira feduro kuno akufuna kumasula zomwe zinamangidwa kwambiri. Liwu ndi limodzi koma ulendo ndi wosemphana. Ndiye kungoti America n'kukhala pansi si mfundo.

Musaganize kuti ndikuimbira m'manja amene anapambana ku Philadelphia. Mtima wanga uli kwambiri ndi amene anakana. George Mason wa ku Virginia anakhala nawo msonkhano wonse, koma pa 17 Sepitembala, pamene 39 anasayina, iye pamodzi ndi Elbridge Gerry ndi Edmund Randolph anakana. Dandaulo lake loyamba linali lakuti m'malamulowo munalibe mndandanda wa ufulu wa munthu. Patrick Henry, mtsogoleri wina wa ku Virginia, anafunsa kuti ndani anawapatsa mphamvu yolankhula m'dzina la anthu onse m'malo mwa dzina la zigawo. Ena anafunsa kuti aphungu 65 angaimire bwanji anthu pafupifupi 4 miliyoni, ndipo anati m'nyumba yaing'ono chonchi mudzalowa maloya ndi eni minda ikuluikulu okha, mlimi wamba sadzapondamo. Ankaopa gulu lankhondo lokhazikika, ankaopa otolera msonkho ochokera kutali, ankaopa pulezidenti amene angasanduke mfumu. Sanali amantha chabe. Alexander Hamilton, nthumwi ya New York, anali atanena pamsonkhano womwewo kuti mtsogoleri azikhala pampando moyo wake wonse malinga ngati akuchita bwino, ndipo ife Amalawi tikudziwa kukoma kwake kwa mawu oti wamuyaya. Mu 1794 boma latsopanolo linatumiza asilikali pafupifupi 13,000 kukaopseza alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania amene ankakana msonkho wa kachasu wawo. Mu 1798 linapanga lamulo lomanga anthu onyoza boma, ndipo akonzi a nyuzipepala analowadi m'ndende.

Koma otsutsawo sanatchedwe oukira. Anatsutsana nawo m'nyuzipepala kwa miyezi, Hamilton, Madison ndi John Jay n'kulemba nkhani 85 zoyankha mfundo imodziimodzi. Chigawo chilichonse chinasankha nthumwi zokavota, ndipo mavoti anali othinana: 187 kwa 168 ku Massachusetts, 89 kwa 79 ku Virginia, 30 kwa 27 ku New York. Rhode Island analowa mu 1790, mavoti 34 kwa 32. M'malo angapo anavomera chifukwa cha lonjezo lakuti malamulo adzawonjezeredwa, ndipo lonjezolo linasungidwa. Mu Disembala 1791 ndime khumi zinawonjezeredwa, zoteteza ufulu wolankhula, wopembedza, woweruzidwa mwachilungamo, ndipo yomaliza inati mphamvu zimene sizinaperekedwe ku boma lapakati ndi za zigawo kapena za anthu. Mbali ya malamulo a America imene dziko lonse limaitchula kwambiri inachokera kwa amene anagonja pa voti.

Pali chilonda chimene sindingachilumphe. Mgwirizano wa 1787 unagulidwa ndi misana ya anthu akuda. Pofuna kuti zigawo zakumwera zisatuluke, anavomereza kuti powerengera mipando ya m'nyumba ya malamulo, akapolo asanu aziwerengedwa ngati anthu atatu, kuti malonda obweretsa akapolo kuchokera ku Africa asaletsedwe chisanafike chaka cha 1808, ndi kuti kapolo wothawa azibwezedwa kwa mbuye wake. Chodabwitsa n'chakuti Congress yofooka ija, mu Julayi 1787 momwemo, inaletsa ukapolo m'dera lonse la kumpoto kwa mtsinje wa Ohio. Nkhani imene anaikwirira ku Philadelphia inadzafukuka mu 1861, ndipo anthu oposa 600,000 anafa pankhondo yapachiweniweni. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, mawu akuti ufulu wa zigawo anali chishango cha amene ankakaniza anthu akuda kuvota. Choncho pogawa mphamvu mudzifunse za munthu amene ali wochepa m'chigawo: Mtumbuka wa ku Ndirande, Mlomwe wolima fodya ku Mzimba, Myao wogulitsa nsomba ku Mchinji. Adzamuteteza ndani bwanamkubwa wa chigawo akayamba kulankhula za eni nthaka ndi obwera?

Kwa inu amene mumayankha nkhani ya feduro ndi liwu lakuti Chitaganya, ndikumvetsa. Ndinakulira pakati pa anthu amene ankakumbukira 1959 ndi magazi a ku Nkhata Bay. Koma Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chinakakamizidwa pa ife, ndipo vuto lake linali lakuti zonse zinkagamulidwa ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndi anthu amene sitinawasankhe. Kudana nacho kunali kudana ndi mphamvu yakutali yosamva. Munthu amene lero akudandaula kuti zonse zimathera ku Capital Hill akulira kulira komweko, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsopano ndifike pachimene chandilembetsa kalatayi. Congress ya 1781 inasenzetsedwa ntchito popanda thumba. Boma lotere tili nalo kale m'dziko muno, koma lili pansi osati pamwamba. Ndi khonsolo. Mu 1998 tinakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, ndipo ndondomekoyo inalonjeza kuti ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene boma limatolera zizipita kumakhonsolo kukachita chitukuko. Tinasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda khansala mpaka 2014. Senate imene inalembedwa m'malamulo athu a 1994, mmene maboma ndi mafumu akanakhala ndi mawu, inafufutidwa mu 2001 isanakumane ngakhale kamodzi. Khonsolo yapatsidwa sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, alangizi a zaulimi ndi misewu ya kumudzi, koma zimene imadzitolera yokha ndi za matikiti a pamsika ndi ziphaso za malonda. Zina zonse imalemba kalata n'kudikira, monga ankachitira Robert Morris, kungoti iye ankayang'ana pansi, khonsolo ikuyang'ana kumwamba. Kwathu kuno mlatho waung'ono unakokoloka, ana n'kumawoloka madzi a m'chiuno nyengo ziwiri za mvula, ndipo aliyense amene tinamufunsa anatiuza zoona: ndalama sizinabwere.

Ndikukupemphani, olemekezeka, kuti nkhaniyi ikadzabweranso m'Nyumbamo musayambe ndi mapu kapena mayina a malikulu. Yambani ndi thumba. Msonkho uti udzatoleredwa ndi ndani, ndipo chigawo chimene chilibe mafakitale chidzathandizidwa motani ndi chimene chili nawo? Ngongole imene dziko lili nayo kale idzasenzedwa ndi ndani? Ku America boma latsopano linatenga ngongole za nkhondo za zigawo zonse mu 1790, ndipo ngakhale zimenezo zinatheka pokhapokha akumwera atalonjezedwa likulu pamtsinje wa Potomac. Amene akufuna feduro alembe mayankho awo, amene akuikana alembenso awo, ndipo zolembazo ziwerengedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'Kyangonde, tizimve tokha. Mu 1993 tinaonetsa kuti tikhoza kumva mbali ziwiri n'kusankha.

Ndipo pali chimodzi chimene sichikufuna kusintha malamulo, chimene mungathe kuchita pamkumano wa bajeti ukubwerawu. Mmodzi wa inu aimirire afunse nduna ya zachuma kuti, chaka ndi chaka kuyambira 1998, ndi ndalama zingati mwa 5 peresenti ija zimene zinafikadi kumakhonsolo, boma lililonse palokha, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje. Yankho lake lisindikizidwe ndipo limatidwe pakhoma la ofesi ya DC aliyense, pamene ife tingathe kukaliwerenga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma wa mbiri yakale